Mapu a Pakhoma la a Veniamin

M'fulati ya ku Berea, momwe chikepe chidafa chaka chatha,
ndimakwera nsanjika zisanu ndi imodzi
ndi zigubu ziwiri zamadzi.
A Veniamin amandidikira pa njinga yawo ya olumala,
pansi pa mapu ofiirira ngati mano awo.
"Lonjezo, tabwera uone kwathu."

Chala chonjenjemera chimatsata mtsinje wa Neva
kuchokera m'nyanja ya Ladoga,
ulendo waufupi, koma madzi ake ndi chinamtindi,
mpaka pomwe umachita mphanda ngati phazi la nkhuku
n'kusiya zisumbu zikuyang'ana nyanja yamchere.

Akuti poyamba panali dambo lokhalokha,
udzudzu, nkhungu, asodzi owerengeka.
Mfumu ina yaitali ngati mlongoti idaponda m'thopemo
n'kunena kuti: pano.
Chinali chaka cha 1703.
Alimi adagwidwa m'midzi yawo
kudzakhoma mitengo m'matope kuti miyala ipeze pokhala.
Ambiri sadabwerere.
Nyumba zachifumu zija, zobiriwira ndi zachikasu,
zidatsamira pa nthiti zawo.

Ine ndimangoti "ee," ndikuwapukuta mapazi,
koma mumtima ndimaona agogo a Kamtedza
amene adalembetsa Wenela ali ndi mapapo awiri
n'kubwerera ku Ntcheu ndi bulangete, wotchi
ndi chifuwa chomwe chidawadya zaka zitatu.
Joni nayenso adakhala pa nthiti.
Kungoti kuno adakumba chotsika,
ndipo mtsinje wake, Jukskei,
umabadwira m'ngalande, mwamanyazi.

"Mzinda wanga udasintha dzina katatu," amatero.
Petersburg, Petrograd, Leningrad,
kenako Petersburg, ngati sipadachitike kanthu.
Ndimaseka ndekha.
Mu tekisi ya pa Noord ndine Sipho,
ndipo sindiyankhula mpaka nditatsika.

Za nkhondo sakamba masana.
Zimatuluka magetsi akazima:
masiku pafupifupi mazana asanu ndi anayi
adani atazinga mzinda,
iwo ali ndi zaka zisanu,
mayi awo akuwiritsa lamba wachikopa,
buledi wa tsiku lonse osadzaza chikhatho,
magalimoto akuyenda pamwamba pa nyanja youma gwa
kubweretsa ufa.
Mpaka lero ndimapeza zikhokho za buledi pansi pa pilo.
Kale ndinkataya.
Tsopano ndimangochotsa zankhungu, n'kuikapo zatsopano.

Mwezi wa Juni, kuno chisanu chikung'amba milomo,
kwawoko akuti dzuwa limakana kugona,
pakati pa usiku munthu amatha kuwerenga kalata panja.
Milatho imatsegula pakamwa kuti zombo zidutse,
ndipo ukachedwa kwa chibwenzi
umagona tsidya lomwelo mpaka m'mawa.
Iwo adachedwapo kamodzi, mwadala.
Dzina lake anali Raisa.

Mlatho wanga ndi wa pa Limpopo.
Udanditsekera kumbuyo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo,
ndipo m'mawa wake sunafikebe.

Dzulo adandipempha ndiwakankhire pawindo.
Kutali, milu ya mchenga wa m'migodi inkafuka fumbi,
magalimoto akuyenderera pamsewu waukulu, nyali zili ngwee.
Adayang'ana nthawi yaitali.
"Taona, ayezi wayamba kusweka."
Sindidawatsutse.

Kenako adandigwira dzanja:
"Ndikafa, phulusa langa ukalithire mu Neva."
Ine, amene pasipoti yanga idatha ntchito kalekale,
amene ndimazungulira njira ndikaona galimoto ya apolisi,
ndidavomera.

Usiku, atagona, ndidayatsa tochi ya foni
n'kuyeza mapuwo ndi chala.
Kuchoka ku Ladoga kufika kunyanja yamchere
ndi utali wa chikhatho changa chokha.
Pakona, pomwe pepala lidang'ambika,
mphemvu yaing'ono inkaoloka mtsinje
popanda woifunsa mapepala.